Bango Loyezera Mapazi

Dzuwa litatsamira paphiri la Zomba, Che Harun anatulutsa sefa ndi ndowa ya phulusa monga ankachitira madzulo aliwonse mwezi umenewo. Anayamba wasesa bwalo lonse, kenako anayenda chafutambuyo akugwedeza sefayo kuti phulusa ligwe mofanana paliponse. Silinali phulusa la nkhuni wamba. Linali la mankhusu a mpunga, lomwe alimi a m'chigwa cha Domasi amalidziwa kuti ndi losalala kwambiri moti limasunga chidindo cha chilichonse choliponda, ngakhale cha buluzi.

"Mwatseka kale bwalo, bambo a Fauzia?" anafunsa mkazi wake Abida atasuzumira pakhomo. "Nanga beseni langa lili kuseri, ndidutsa pati? Ndiuluke?"

"Mawu amenewo musamawatchule," anayankha Che Harun motsitsa mawu, akuyang'ana kumpanda. "Kuuluka si nthabwala masiku ano."

Kuti zimveke chifukwa chake mlimi wa zaka makumi asanu ankasefa phulusa pabwalo, tiyenera kubwerera m'mbuyo masabata atatu. Unali mwezi wa Okutobala, kukutentha mowawula, pamene imfa inalowa m'mudzi wa Nandembo m'dera la Malemia. Woyamba anali a Eliya, okonza njinga. Anadandaula m'mimba masana, m'mawa mwake anali atauma. Patapita masiku awiri anatsatira mayi wina woyamwitsa, kenako anthu awiri a nyumba imodzi. Onsewa anapita mofanana: kusanza, kutsegula m'mimba, mawu kuzilala, basi.

Abida ndiye ankasambitsa maliro a akazi achisilamu m'mudzimo, ndipo ankathandizanso kwa Akhristu akamuitana. Iye ndiye anauza mwamuna wake zimene manja ake anakhudza. Anati matupiwo ankapepuka ngati mapesi, maso atalowa m'kati, khungu la zala litakwinyika ngati la munthu amene wachapa tsiku lonse. Zotuluka m'thupi zinali zoyera ngati madzi otsukira mpunga, ndipo m'nyumba za maliro munkatsala fungo longa la nsomba zaziwisi lomwe silinkachoka ngakhale atafukiza lubani.

Mphekesera sizinachedwe. Wina anati anamva chinthu chikukwekwereza padenga la a Eliya tsiku limene anadwala. Wina anati agalu a mbali ya kumanda anasiya kuuwa, ankangolira chamumtima atabisa michira. Amayi ena anati anthuwo akupopedwa madzi a m'thupi, n'chifukwa chake ankauma chotero, ndipo pofika Lachisanu panalibe amene ankakayika kuti m'mudzimo muli mfiti imene yayamba kukolola.

Apa pali chinthu chofunika kuchiganizira bwino. Mudzi wa Nandembo unali ndi zoopsa zambiri zimene unakhala nazo zaka ndi zaka. Maminibasi a pamsewu wa ku Liwonde ankagunda anthu pa Songani. Malungo ankatenga ana dzinja lililonse. Mjigo wa m'mudzimo unali utawonongeka kuyambira mu Ogasiti, moti anthu ankatunga madzi akumwa m'ngalande ya m'minda ya mpunga. Palibe amene anayambitsapo komiti chifukwa cha zimenezi. Choopsa chimene munthu wachizolowera amachiona ngati nyengo, amangochipirira. Koma choopsa chimene akuganiza kuti chili ndi nkhope ndiponso cholinga, amachidikirira ndi chibonga. Ngakhale maiko akuluakulu amatero: amamanga mipanda ndi kulemba alonda molingana ndi chimene anthu awo akuchiopa, osati chimene chikuwapha, ndipo mpanda ukangomangidwa umafuna mdani woti uzimutsekereza.

Komiti ya chitetezo inakhazikitsidwa tsiku limodzi lokha. Wapampando anali a Brighton, amene anagwirapo ntchito ya ulonda ku Blantyre ndipo anali atasungabe jekete lake lonyezimira. Iwo anapingasa chipika panjira yolowera m'mudzi, anagawa mawezulo, n'kulamula kuti mlendo aliyense azibwezedwa. Koma nzeru imene inasangalatsa anthu kwambiri inachokera kwa Che Harun. Kale ankagwira makoswe a m'nkhokwe mwake potsatira mapazi awo paphulusa la mankhusu. Anati, bwanji nyumba iliyonse izitsekera bwalo lake ndi phulusa madzulo, kuti m'mawa tiziwerenga amene wadutsa? Anthu anaomba m'manja. Che Harun anabwerera kwawo tsiku limenelo akuyenda ngati munthu amene wapulumutsa mudzi.

Tsiku lina masana, iye ali pa ulonda pachipika paja ndi a Brighton, panafika njinga yamoto. Wokwerapo anali Tasha, mlangizi wa zaumoyo wa deralo, amene onse ankamudziwa chifukwa ndiye ankayeza ana pasikelo. Kumbuyo anamangirira ndowa yotseka ndi bokosi lozizira.

"Tanditsegulirani, abambo. Ndabweretsa mankhwala othira m'madzi. Anthu akufawa ndi kolera, ndipo ikuchokera m'ngalande."

"Ngalandeyo tayamba kumwa lero?" anafunsa a Brighton. "Bwanji ikusankha nyumba? Ili ndi maso?"

"Sindikukangana nanu. Mungondilola ndione odwala."

"M'bokosimo muli chiyani?"

"Timabotolo totengera zokayeza."

"Mwamva?" a Brighton anatembenukira anyamata akuluakulu amene anali atasonkhana. "Akuvomera okha kuti abwera kudzatenga za m'thupi mwa anthu."

Tasha anayang'ana Che Harun. "Inu mukundidziwa. Mdzukulu wanu ndinamubaya katemera ndine. Tawauzani."

Che Harun anayang'ana pansi. Mumtima mwake mawu a mtsikanayo ankamveka, chifukwa anakumbukira madzi otsukira mpunga aja. Koma anthu makumi awiri anali kumbuyo kwake, ndipo munthu wa m'komiti ya chitetezo akaoneka wofewa amayamba kukayikiridwa iye mwini. Mwala woyamba utagwa pafupi ndi tayala, Tasha anakhota n'kubwerera ku Songani. Sanabwerenso.

M'mawa wotsatira wezulo analira kunyumba kwa a Jacob, kumene mkazi wawo anali atangotsirizika. Che Harun atafika anapeza anthu ataima mozungulira bwalo. Paphulusa panali mapazi. Anali a munthu wosavala nsapato, zala zotakasuka, zidindo zake zooneka bwino mpaka ming'alu ya kuchidendene. Chimene chinaumitsa anthu pakamwa n'chakuti mapaziwo anayambira pakati pa bwalo, pamene panalibe poti munthu n'kudumphira, n'kulunjika pakhomo. Olowa analipo asanu ndi awiri. Otuluka panalibe.

"Chikadali m'nyumbamo," ananong'ona mayi wina.

Anafufuza pansi pa bedi, m'matumba a mpunga, kudenga, koma sanapeze kanthu kupatula fungo lija. Sabata imeneyo mapazi omwewo anapezeka pa nyumba zina ziwiri, ndipo m'nyumba zonsezo munatuluka maliro. Pa nyumba yachitatu a Brighton anathyola bango m'mbali mwa ngalande, analigoneka pachidindo, n'kulidula kuchokera kuchidendene kufika kunsonga ya chala chachikulu.

"Mawa mkazi aliyense wa m'mudzi muno aponda pabangoli, chifukwa phazi ili ndi lachikazi," iwo analengeza. "Che Harun, nzeruzi ndi zanu. Lisungeni ndinu, ndipo mudzayeza ndinu."

Madzulo a tsikulo Che Harun anakhala pakhonde, bango lili pamiyendo. Abida anatuluka kubafa n'kudutsa pasimenti ya khondelo kulowa m'nyumba, akuyimba chamumtima. Anasiya mapazi onyowa atatu. Che Harun sanaganize zoti ayeze. Dzanja linangopita lokha, monga mmene munthu amagwirira chilonda kuti aone ngati chikupwetekabe. Anagoneka bangolo paphazi lapakati. Linakwana ndendende, osatsala ngakhale mpata wa njere ya mpunga.

Anakhala chomwecho mpaka madziwo anauma. Anayesa kudzilimbitsa mtima ndi nzeru. Akazi a msinkhu umodzi, okulira m'minda osavala nsapato, mapazi awo amafanana. Phazi lotere lingapezeke pa akazi khumi. Komabe sanakhutire. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu anagona pafupi ndi mkazi ameneyu, ndipo tsopano anadzifunsa ngati ankadziwadi kumene amakhala iye akagona tulo. Anachita manyazi ndi ganizolo, koma silinachoke.

"Tiyi wanu akuzizira," Abida anaitana ali m'kati.

"Ndikubwera, mayi a Fauzia."

Anatulutsa mpeni m'thumba n'kudula kunsonga kwa bangolo kachidutswa kotalika ngati mfundo imodzi ya chala. Anapaka dothi podulapo kuti pasaoneke pa tsopano. Ankaganiza kuti bango lalifupi chotero silikwana munthu wamkulu aliyense, anthu abalalika, nkhani ithera pomwepo.

Kuyezako kunachitika pabwalo la mpira dzuwa lili pamutu. Akazi anandanda mzere wautali, amuna atazungulira ndi zibonga. Che Harun anagwada pansi, ndipo aliyense akaponda ankanena mokweza kuti, "Lapitirira." Abida anafika, anaponda osamuyang'ana, chala chake chinapitirira bango ndi mfundo imodzi. "Lapitirira," iye anatero.

Chakumapeto kwa mzere kunali Iness, mayi wamasiye wamfupi thupi, wa Mvano, amene ankagulitsa zitumbuwa pa Songani. Anafika akuseka, chifukwa anali munthu woseka ndi aliyense.

"Che Harun, mwayamba geni ya nsapato? Ine mundipezere zofiira, zokhala ndi chidendene."

Anavula patapata n'kuponda. Chidendene chinakhala kumapeto kwa bango, chala chachikulu chinakhala kunsonga. Che Harun anasuntha bangolo pang'ono, koma a Brighton anali atawerama pamwamba pake.

"Nenani, bambo. Anthu akudikira."

"Mwina tiyezenso mwendo winawo."

"Nenani chimene mukuona."

"Lakwana."

Kuseka kwa Iness kunatsala pankhope kanthawi, ngati sanamve. "Iyayi, abale anga, ndine Iness. A Jacob, mkazi wanu ndinamuphikira phala akudwala. Mayi a Fauzia, tawauzani!" Wezulo analira, ena anatsatira, ndipo mawu ake anamira m'phokosolo. Anamuthamangitsa ndi miyala kudutsa m'minda ya mpunga, nyumba yake ikufuka kumbuyo. Apolisi anamutola madzulo m'mbali mwa msewu, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala. Apolisiwo atabwera kudzafunsa amene anachita zimenezi, mudzi wonse unati unali kudimba.

Kwa masiku atatu sikunafe munthu. Masiku atatuwo anawononga zambiri kuposa imfa zonse zija, chifukwa anapatsa anthu umboni. Nthenda zoterezi zimapuma, zimadumpha nyumba, zimabwereranso. Koma munthu wamantha akachita chinthu n'kuona bata, amakhulupirira kuti batalo walipanga yekha. Midzi yoyandikana inatuma anthu kudzaphunzira kasefedwe ka phulusa ndi kadulidwe ka bango. Kumachini a mpunga mankhusu anayamba kulimbiranidwa. Kulikonse kumene Che Harun ankadutsa, amuna ankaimirira kumupatsa moni, ndipo iye ankamva ngati akumuthira makala m'chifuwa.

Tsiku lachinayi anafa anthu awiri. Lachisanu anafa atatu, ndipo mapazi aja anapezekanso, oyambira pakati pa bwalo, olowa osatuluka. Palibe amene ananena kuti Iness anaphedwa wosalakwa. Onse anati anali ndi anzake. Komiti inalamula kuti mkazi asatulukenso m'mudzi mpaka kuyeza kwachiwiri.

Madzulo amenewo Abida anabwera kuchokera kosambitsa maliro, anasamba m'manja nthawi yaitali, kenako anamasula mfundo ya pachitenje chake n'kuika kanthu patebulo. Kanali kachidutswa ka bango.

"Ndinakatola pakhonde ndikusesa, tsiku loyeza lija."

Anakasunthira kutsogolo kwa mwamuna wake.

"Linandikwana ine, eti?"

"Ndimafuna kukupulumutsani. Sindimadziwa kuti Iness..."

"Musanadule, munandikayikira?"

Iye anayang'ana kumbali, ndipo Abida anagwedeza mutu ngati wamva yankho.

"Tiyeni tidutse m'minda m'bandakucha," anatero Che Harun. "Tikafika kumsewu tikakwera minibasi, mukakhale kwa Fauzia ku Liwonde."

"M'ngalande monse mwaikamo alonda ndinu nomwe. Ndipo ndikathawa ndiye kuti ndavomera. Akawotcha nyumba ino, kenako akalondola kwa mwana wanga." Anapukuta manja ake pachitenje. "Ndidzaponda ngati anzanga."

Kuyeza kwachiwiri a Brighton anakukonza mosamala. M'mawa mwake anadula bango latsopano pachidindo chatsopano anthu onse akuona, n'kulinyamula m'mwamba mpaka kubwalo la mpira. Analamula kuti munthu aliyense woyenda akhale pabwalopo, ndipo nyumba zimene munali odwala zitsekedwe ndi phulusa latsopano eni ake pochoka. Anawerenga anthu banja ndi banja. Panalibe wosowa.

Che Harun anagwadanso. Mkazi wachitatu pamzere, bango linamukwana. Anthu anafuula, anamuimika pambali. Wachisanu ndi chiwiri linamukwananso. Phokoso linayamba kuchepa pamene linakwana mkazi wa shehe, kenako mlongo wake wa a Brighton, kenako mphunzitsi wa sukulu ya mkaka. Abida anafika, anaika phazi lake bwinobwino, n'kuyang'ana kuphiri.

"Lakwana," ananong'ona Che Harun.

Pomaliza akazi asanu ndi anayi anaima pansi pa golo, atagwirana zitenje. Khamulo linasokonezeka. Kugenda mayi wamasiye mmodzi n'kosavuta, koma apa banja lililonse linali ndi wake pakati pa oimawo. Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kutsitsa zibonga. Ndi nthawi imeneyo pamene a Stephano, amene anazemba kukazonda mayi awo odwala, anabwera akuthamanga, akulira ngati mwana.

"Amayi apita! Ndipo mapazi alipo! Phulusa ndasefa ndekha m'mawa uno pochoka, koma alipo, olowa okhaokha!"

Dzuwa linali pamutu, mithunzi ili pansi pa mapazi a eni ake, ndipo aliyense ankadziwa kuti mudzi wonse unali pamalo amodzi kuyambira m'mawa. Che Harun anadzuka, mawondo ali mbuu ndi fumbi. Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri anaona khomo lotulukira.

"Mwamva nokha! Amayiwa anali pano, tonse tikuwaona. Si iwo ayi!"

"Mfiti imasiya thupi pamzere, mapazi n'kumakayenda," anayankha mwamuna wina kumbuyo.

"Ndiye ngati zili choncho, bangoli tikuyezeranji?"

"Funso limenelo mukufunsa inu, eni nzeru?" anatero a Brighton. "Bangoli linagwira Iness. Tinapuma masiku atatu."

Che Harun anaona mitu ikugwedezeka kuvomereza, zibonga zikukweranso. Anaganiza kuti chatsala n'chimodzi: kuthyola chikhulupiriro chawo pa bangolo, ngakhale iye mwini athyoke nalo. Anakweza manja onse awiri.

"Bango silinagwire munthu! Loyamba lija ndinalidula ine ndi mpeni wanga, kunyumba kwanga. Ndinalifupikitsa. Iness phazi lake silinafanane ndi la paphulusa. Tinapha munthu wosalakwa, abale anga, ndipo imfa sinasiye. Tayani zimenezi! Itanani a zaumoyo aja!"

Anadikira kuti amugwire, amumenye, amutukwane. Anali wokonzeka. Koma palibe amene anasuntha. A Brighton anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mofatsa, ngati munthu amene wapeza chimene ankachifuna.

"Munalidula chifukwa chiyani, Che Harun? Linakwana ndani kunyumba kwanuko?"

Apo m'pamene iye anazindikira chimene wachita. Anthu sanamve zoti njira yawo ndi yabodza. Anamva zoti njira yawo inali yoona, kungoti munthu wina anaisokoneza. Ndipo anamvanso chinthu china chokoma kwambiri m'makutu mwawo: kuti alongo awo, akazi awo ndi amayi awo angathe kubwerera kunyumba. Mlongo wa a Brighton ndiye anayamba kusiya chitenje cha mnzake n'kusuntha. Mkazi wa shehe anatsatira. Mmodzimmodzi akaziwo anachoka pansi pa golo, osayang'ana m'mbuyo, mpaka panatsala Abida yekha.

Che Harun anathamangira komweko, koma amuna anayi anamugwira n'kumukanikizira pansi. Anakuwa dzina la mkazi wake, dzina lenileni limene sanalitchulepo pagulu chikwatirane. Abida anamanga bwino mpango wake kumutu, n'kumuyang'ana. Pankhope pake panalibe mkwiyo, panali kutopa kokha.

"Mukanangokhala chete, bambo a Fauzia," anatero. "Tinalipo asanu ndi anayi."

A Brighton anaika wezulo pakamwa.

Mvula yoyamba isanagwe, m'mudzi wa Nandembo munatuluka maliro ena khumi ndi atatu, ndipo pa nyumba iliyonse mapazi aja ankapezeka, oyambira pakati pa bwalo, olowa osatuluka. Mwini wake sanadziwike mpaka lero. Komiti inadula bango lachitatu.